Mkono Wanga ndi Sisita Wogonetsa Anthu

Abale, mundilole ndiimirire, chifukwa ndikakhala pansi mawu amandithawa. Amene simundidziwa, ndine Fanuwelo Mbewe. Ndinabadwira konkuno ku Maglas, komboni ya mgodi m'dziko la eni lino. Bambo anga anachoka ku Dedza wapansi kudzafuna ntchito ya mgodi, ine Malawi ndimangomumvera m'kamwa mwa anthu. Zaka zambiri ndinagwira jekihama pansi pa nthaka, kuboola mwala. Amene mukundidziwa mukudziwanso kuti ndinali chidakwa cha mtundu wanji, ndiye musandiyang'ane ngati abusa. Ndabwera kudzanena za mantha, chifukwa ambirife tikamati tili ndi ludzu timanama. Chimene chimatituma ku botolo ndi mantha.

Mukukumbukira zaka zija zinthu zitathina. Mgodi unayamba kutsimphina, malipiro osabwera, m'mashopu mashelefu okhaokha. Ine ndi mnzanga Jairosi tinatenga nyundo ndi tochi n'kulowa chikorokoza, kukumba golide m'maenje akale kunja kwa tauni. Kumeneko kulibe mitengo yochirikiza denga, kulibe foromani, uli iwe ndi mwala basi. Chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku lina denga linangokhala pansi. Ine linanditsekera pambali, Jairosi linamugwera pachifuwa. Ndinakhala mumdima tsiku lathunthu ndi theka ndikumumva akupuma, kenaka osamumvanso. Anzathu atandifukula, ndinalibe ngakhale kabala. Anthu ankati, "Mbewe, Mulungu amakukonda iwe." Ine ndinkangovomera ndi mutu.

Kuyambira pamenepo sindinathenso kutsinzina. Ndikangotseka maso, dzenje lija linkabwera, ndi kupuma kuja. Kutchalitchi akati tipemphere, ine maso tong'o. Posamba kumaso ndinkalola sopo andilowe m'maso. Mu kombi, minibasi ija, ndinkakhala pakhomo, akandikankhira kumbuyo ndinkatsika. Munthu wamkulu, wa ana atatu! Sindinauze aliyense, ngakhale mkazi wanga Esinati, amake Chipo. Ndinapeza kuti kachasu yekha ndiye amanditsekera maso ine osadziwa, ndiye ndinamukwatira. Nyundo inapita, nsapato za kumgodi zinapita, wailesi inapita. Ufa umene mlamu wanga anatibweretsera kuchokera ku Musina, kutsidya kwa malire, ndinautapa ndi manja angawa kukasinthitsa ndi botolo, ana akundiona. Sindikubisa.

Mu 2008, Lachitatu lina dzuwa lili pamutu, ndinali kwa mayi wina wotcheza kachasu kuseri kwa komboni. Ndinali nditaledzera kale. Ndinati ndiimirire, miyendo inakana, ndinagwera pamoto wa pansi pa mgolo. Ndinali nditavala jekete ya nayiloni. Inasungunukira pamkono wanga wamanja, kuyambira kuzala mpaka kupitirira chigongono. Akuti ndinagona pamenepo kanthawi ndithu ndisanakuwe, chifukwa cha mowa.

Kuchipatala cha m'tauni anandilandira bwino, koma mukudziwa mmene zinalili chaka chimenecho. Mankhwala opha ululu kunalibe. Chilonda cha moto, abale, sichipola ndi kungochimanga. Tsiku lililonse amamasula bandeji imene yamatirira ku mnofu, n'kutsuka ndi madzi amchere, n'kupala khungu lakufa. Tsiku loyamba ndinakomoka. Lachiwiri ndinadzikodzera. Lachitatu nditamva mawilo a tebulo la mabandeji akubwera, ndinatulukira pakhomo la kuchimbudzi n'kuthawa.

Kunyumba aliyense anasanduka dokotala. Wina akuti thira phulusa, wina akuti dzira laliwisi, wina anabwera ndi mafuta a mabuleki a galimoto. Ndinayesa zonse, n'kukulunga ndi chitenje chakale, n'kumamwa. Amake Chipo akati tibwerere kuchipatala, ndinkawatukwana. Patatha sabata ndi masiku, ntchentche zinayamba kunditsata. Ana anasiya kudyera m'nyumba. Thupi linatentha, mano akugundana masana dzuwa likuswa mtengo. Apo ndiye mlamu anapeza lole, anandiponyamo ngati thumba la makala, ulendo wa ku chipatala cha mishoni kumidzi.

Dokotala wa kumeneko sanachulukitse mawu. Anamasula chitenje chija, anatembenukira kumbali kuti apume, kenaka anatenga cholembera n'kujambula mzere pamkono wanga, pamwamba pa chigongono.

"Baba Mbewe," anatero, "mankhwala opha tizilombo tiyamba lero, ena mkazi wanu akafune. Koma chilonda ichi chiyenera kutsukidwa tsiku ndi tsiku. Mankhwala amphamvu a ululu atsala ochepa, tikusungira opareshoni. Pakatha masabata awiri chisanayere, ndidula pamzere apa. Mukathawanso, sindidula ine, akakuikani wathunthu."

Ndinauyang'ana mzere uja. Munthu wa jekihama wopanda mkono wamanja ndi ndani? Ndinalumbira kuti ndipirira. M'mawa mwake anandigwira amuna anayi, ndipo mmodzi ndinamuluma padzanja. Anatsuka theka lokha n'kusiya.

Mu wodimo, pa bedi loyandikana ndi langa panali mkulu wina wa kwathu, Sekuru Gomani, wodwala mwendo. Madzulo ake anandikodola.

"Mwanawe, mawa akutumiza kwa Sisita Hove. Samala."

"Bwanji, asekuru?"

"Amagonetsa anthu amene uja. Popanda jakisoni, popanda piritsi, ndi pakamwa pokha. Ndinaona ndi maso angawa mayi wina wopsa msana akumupala, iye ali phee, maso gwa. Ndiuze, ndi munthu wanji amapalidwa ali phee? Kwathu timadziwa. Amayamba choncho a ndondocha."

Achinyamata obadwira kuno mwina simudziwa ndondocha. Makolo athu ankatiuza kuti alipo anthu amene amakuchotsa nzeru ndi mankhwala, n'kukudula lilime, abale ako n'kuika maliro a mtengo, iwe ukugwira ntchito kuseri kwa nyumba ya munthu, osadziwa dzina lako, mpaka kalekale. Ine ndinakulira m'tchalitchi, ndinkati sindikhulupirira zimenezo. Koma munthu akagona pabedi la chipatala, nkhani zonse za ubwana zimadzuka. Ndinaona mdima wa m'dzenje muja, koma wopanda wondifukula. Ndinachita mantha kuposa a moto.

Nditawauza amake Chipo, anati, "Bambo a Chipo, ine ndatopa. Mkono kapena mantha, sankhani chimodzi choti tibwerere nacho kunyumba."

Ndinavomera, koma ndi nzeru zanga za mbuzi. Ndinazula pini pa bandeji ya Sekuru Gomani, iwo akundithandiza, n'kuibisa m'thumba la kabudula. Ndinati akayamba zakezo ndizidzibaya, tione ngati angandigonetse.

Sisita Hove anali mayi wamfupi, wa imvi, nsapato zake zakutha mbali imodzi. Anakulira m'komboni ya mgodi pakati pa anthu a kwathu, ndiye Chichewa ankachidziwa, chopindikapindika. Anandilowetsa m'kachipinda, anatseka chitseko, anati, "Musatya, baba, musaope. Tsinzinani, mupume pang'onopang'ono." Chitseko chotseka, maso otseka! Ndinatsinzina mwachinyengo, dzanja lamanzere lili m'thumba, ndikudzibaya pantchafu, mumtima ndikunena Salimo. Iye akulankhula mofatsa, ine ndikubaya. Atangokhudza bandeji ndinakuwa mpaka ku wodi ya amayi anamva.

Anasiya. Anayang'ana kabudula wanga, pamene magazi anali atadontha.

"Maiwe, baba Mbewe. Chilonda chimodzi sichikukukwanirani? Tulutsani."

Ndinatulutsa pini ija, manyazi atandigwira. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, kapena aseka. Anangokoka mpando n'kukhala.

"Mukuopa chiyani? Nenani chenicheni."

"Akuti mumasandutsa anthu ndondocha."

"Ndikanakhala ndi ndondocha, bwenzi ndikukolopa ndekha wodi ino? Mverani. Ine sindigonetsa munthu. Zimenezi m'mabuku a udokotala amati hipinosisi. Ndinaphunzira kwa dokotala wina amene anagwirapo ntchito pano, ndipo tinkathandiza nazo opsa ndi moto, amayi pobereka, ana oopa jakisoni. Munaonapo bambo akumvera mpira pa wailesi, mkazi akumuitana katatu osamva? Amakhala atagona? Amakhala atalodzedwa?"

"Ayi."

"Maganizo ake onse ali kumpira. Ndi zomwezo. Ululu umafuna kuti muziumvera. Ine ndimangokuthandizani kutumiza maganizo kwina, koma wopita ndinu. Mudzamva zonse zimene ndikunena. Mukafuna kudzuka, mudzuka. Mukakana, palibe chimene ndingachite, monga mwaonera leromu. China chimene mukuopa n'chiyani? Chifukwa nditatseka chitseko munasanduka phulusa kumaso."

Abale, apo ndiye ndinalira. Ndinamuuza za dzenje, za Jairosi, za kupuma kuja. Zimene ndinabisira mkazi wanga zaka ziwiri ndinazikhuthulira mayi wachilendo, mamina ali chuchuchu. Iye anamvetsera mpaka ndinatha.

"Zvakanaka, chabwino," anatero. "Ndalakwa ndine, sindinafunse. Mawa chitseko chikhala chotsegula. Maso musatseke. Mkazi wanu akhale pomwepa, ndipo nthawi iliyonse imene akufuna azikufunsani kuti ndinu yani. Mukalephera kuyankha, andimenye ndi beseni. Pini yanuyo mubwere nayo."

M'mawa mwake ndinalowanso m'kachipinda kaja. Amake Chipo anakhala kumanzere kwanga, atagwira Baibulo ngati chibonga. Sisita anatenga pini ija n'kuibaya pa nsalu ya pawindo, pamene dzuwa linkaiwalitsa.

"Muziyang'ana pamenepo. Ndi yanu, ikuyang'anirani. Tsopano ndiuzeni, mkono uwu unachitapo dzanzi?"

Ndinatsala pang'ono kuseka. "Sisita, ine ndi wa jekihama. Shifiti iliyonse."

"Ine mgodi sindinalowemo. Ndiphunzitseni. Osati maenje a chikorokoza, mgodi weniweni, muli mnyamata. Mumayamba bwanji?"

Ndinayamba kumufotokozera, maso ali pa pini. Umalumikiza payipi ya mpweya, kenaka ya madzi. Umaimika mwendo wa makina. Umaika nsonga pamwala. Iye ankabwereza mawu anga pang'onopang'ono, n'kumandiuza kuti nditulutse mpweya wautali pakati pake. "Mwalumikiza ya madzi. Pumani. Madziwo ndi otani?" Ndinati ndi ozizira. "Akuyenda pati?" Ndinati amatsika ndi chitsulo, n'kulowa m'manja, n'kutsetsereka mpaka kuchigongono. "Asiyeni atsetsereke. Tsegulani mpweya."

Ndikukuuzani zoona, ndinawamva makina aja. Ndinkadziwa kuti ndili pampando, nsalu ya pawindo ndinkaiona, nkhuku za panja ndinkazimva. Koma mkono unayamba kunjenjemera mwa kale muja, kulemera, kuzizira. Anthu a jekihama muno mukudziwa, ukafika bowo lachitatu mkono sukhalanso wako, ungautsine osamva.

"Bowo loyamba," anatero Sisita. "Pitirizani."

Kenaka mdima unayamba kubwera m'mbali mwa maso. Ndinamva kupuma kuja. Chifuwa chinathina, thukuta linatuluka, ndinati, "Denga! Denga likugwa!"

Sanandigwire, sanakweze mawu. Anangofunsa, "Mgodi umenewu, amagogoda denga m'mawa ndani?"

Pamene ndinkayamba ntchito, bambo anga anali asanapume pantchito. Ntchito yawo inali yomweyo, kuyenda patsogolo ndi chitsulo chachitali, kugogoda denga, kumvetsera ngati mwala ukulira bwino, kugwetsa wofooka anthu asanalowe. Pa zaka zawo zonse palibe anavulala pamalo pamene iwo anagogoda.

"Bambo anga," ndinayankha.

"Agogoda kale lero?"

"Agogoda."

"Ndiye boolani."

Amake Chipo anati, "Ndinu yani?"

"Ndine Mbewe."

"Wa kuti?"

"Wa ku Maglas, mwamuna wako. Tandisiya ndili pantchito."

Bowo lachiwiri. Lachitatu. Ndinamva sizasi ikudula bandeji. Ndinamva akukoka, ndinamva madzi amchere. Musamve ngati ndikuti ululu unatha, ayi, sindinabwere kudzanama. Unalipo. Koma unali ngati phokoso la maliro a kunyumba yachitatu, ukulimva koma si pakhomo pako. Sisita ankapala, ine ndikuboola. Amake Chipo anafunsa dzina langa kasanu, kasanu konse ndinayankha. Pamapeto Sisita anati, "Tsekani mpweya, tsekani madzi, shifiti yatha. Ndiwerenga mpaka zisanu, mutuluke." Nditayang'ana, mkono unali utamangidwa bandeji yoyera, m'beseni muli zinthu zimene sindinena pano. Palibe mwamuna ndi mmodzi yemwe anandigwira.

Nditabwerera ku wodi, Sekuru Gomani anandiuza kuti nditulutse lilime. Ndinatulutsa. Analiyang'ana bwinobwino n'kunena kuti, "Lero lokha."

Tsopano mverani mmene ndinakwerera, chifukwa sizinachitike tsiku limodzi. Tinkachita zimenezi m'mawa uliwonse. Masiku ena zinkayenda bwino, masiku ena ayi. Tsiku lina thupi litatentha kwambiri, makina anakana kulira, ndipo ndinakuwa ngati poyamba. Mawa lake tinayambiranso. Mapiritsi opha tizilombo ndinkamwa osadumphitsa, mlamu atawapeza kutsidya kwa malire. Sisita ankanena mobwerezabwereza kuti, "Mawu anga sapha tizilombo, baba. Amangokukhazikani pansi kuti tikutsukeni." Masiku oyamba opanda kachasu manja ankagwedezeka, ndikuona zinthu pakhoma, ndipo zimenezo anathana nazo ndi dokotala, ndi mankhwala ake. Amene mwamwa zaka zambiri, musasiye muli nokha m'nyumba, kumeneko kumapha. Kauzeni achipatala.

Sabata yachiwiri Sisita anandiphunzitsa kulowa ndekha mumgodi wa m'maganizo uja, iye ali chete. Kenaka anati tiyese maso. Kutsinzina mpweya umodzi, n'kutsegula. Mawa iwiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku limene ndinafika khumi, ndinali nditanyowa ngati ndagwa mu mtsinje, koma ndinafika. Anandiuzanso kuti nkhani ya Jairosi isathere kwa iye, ndiye ndinawauza amake Chipo, ndinawauza abusa, ndipo nditatuluka ndinapita kwa mkazi wa Jairosi kukamuuza mmene mwamuna wake anathera. Ulendo umenewo unali wovuta kuposa bandeji.

Ludzu silinathe ndi hipinosisi, musapusitsidwe. Limabwerabe. Likabwera ndimakhala pansi, ndimapuma mmene anandiphunzitsira mpaka chifuwa chimasuke, kenaka ndimadzuka kukafuna munthu wolankhula naye. Njira ya kuseri kwa komboni ndinaisiya, ndimazungulira ngakhale kutalike. Ndipo si aliyense amene zimamugwira mofanana. Mnyamata wina mu wodi mwathu anayesa kangapo, sizinamuthandize kwenikweni, anapirira ndi njira zina. Chinanso, achinyengo alipo. Wina akakuuzani kuti tayani mapiritsi, kapena mkazi wanu atuluke, kapena musauze munthu, nyamukani muzipita. Wanga anali namwino wophunzira, m'chipatala, chitseko chili chotsegula.

Atakwana masabata awiri aja, dokotala anabwera. Usiku wake sindinadye. Anamasula yekha, anayang'ana nthawi yaitali, akudina apa ndi apo. Ine ndinkangoyang'ana pakamwa pake.

"Mnofu wafiira," anatero. "Mkono utsala. Titenga khungu pantchafu tiphimbe." Ndisanapume n'komwe anawonjeza kuti, "Koma zala ziwiri izi zinafa kale. Mukanakhala kuchipatala sabata yoyamba ija, tikanazipulumutsa."

Ndi izi, taonani. Ndikwezeko kuti akumbuyo muone. Zitatu zatsala, ndipo zimagwira fosholo, zimagwira khasu, zinamugwira Chipo padzanja tsiku la ukwati wake. Ziwiri zimene palibezi sizinapse ndi moto, abale. Moto unazisiya zamoyo. Ndinazipha ndine, masiku amene ndinakhala m'nyumba nditakulunga chitenje, ndikuopa.

Ndimalize ndi ichi, ndipo mundikhululukire. Pamene ndimalowa muno, ndikudutsa pakati pa mabenchi, ndamva fungo. Ena simunalimve, koma ine ndinagona nalo masiku ambiri, sindingalisokoneze ndi lina. Alipo wina muno amene wakulunga chinachake pansi pa malaya kapena m'nsapato, ndipo akudziuza kuti chiuma chokha. Sindikulozani, sindikuyang'anani n'komwe. Tikatseka ndi pemphero, anthu akamapita kukamwa tiyi, ine ndikakhala pansi pa mtengo uli kuseri kwa holo ino. Kiliniki atseka faifi koloko, ndipo ndikuperekezani mpaka mkati. Ndidikira mpaka atseke.